Dzina la Bambo Pakati pa Ogula Chiponde

Lachinayi, mwezi wa Julaye.

Lero ndadzuka thupi lili zii ngati si langa. Sindikulira, njala sindikuimva. Zimene ndikulembazi ndi zoona, ndipo wozichititsa ndine.

Amayi ndi mlembi wa gulu la azimayi a kutchalitchi kwathu kuno ku Nsaru, lomwe limapanga chiponde n'kumagulitsa pa sitolo ya pa intaneti kwa anthu a m'tauni. Kale oda iliyonse ankaikopera pamanja m'buku mpaka maso kuwawa, ndiye ine, poti ndili Folomu 3 ndipo kompyuta ndimaikhoza, ndinawauza kuti ndilumikiza sitoloyo ndi pulogalamu yowerengera ndalama ya pafoni, kuti munthu akangogula, dzina lake ndi zomwe wagula zizilowa zokha. Zinathekadi. Koma ndikanadziwa bwanji kuti zikugwira ntchito osayesa? Ndinapanga maoda atatu ongoyesera, ndipo pamalo a wogula dzanja langa linalemba dzina lomwe linazolowera pa mafomu a kusukulu, la bambo anga, omwe tinawaika m'manda chaka chatha. Nditatha ndinawafufuta maodawo ku sitolo, osadziwa kuti ku pulogalamu anali atalowa kale, ndipo kufufuta uku sikufufuta uko.

Dzulo masana gulu linakumana pakhonde la tchalitchi, ine nditakhala kumbuyo. Msungichuma ankawerenga pafoni mayina a ogula a mwezi uno. Atafika pa dzinalo anaima, n'kuliwerenganso pang'onopang'ono, kuti munthuyu wagula katatu. Mayi wina anaseka n'kunena kuti kani kumanda nakonso amadya chiponde eti, koma palibe amene anamuthandiza kuseka. Kenako wina anafunsa motsitsa mawu kuti kodi bambo anga athanzi aja anangodwala masiku awiri okha n'kumwalira bwanji, nanga malata atsopano pa nyumba yathu anachokera kuti. Mawu oti kukhwima sanatchulidwe, koma aliyense anawamva.

Amayi anati sakudziwa kanthu. Ine ndinkayang'ana nyerere zikukoka khoko la mtedza pansi. Ndinkamva zonse ngati zikuchokera pa wailesi ya nyumba ina.

Pobwerera, anthu pachigayo anasiya kulankhula titafika. Dzuwa lisanalowe mwala unagwa padenga la nyumba yathu, kenako wina, kenako wachitatu unaswa galasi la zenera. Amayi anapitiriza kusenda mtedza osadzutsa mutu. Patapita nthawi anandiitana dzina langa la paubwana, n'kundifunsa ngati n'kutheka kuti ndi bambodi, kuti mwina akufuna kutiuza kuti amationa. Ankandiyang'ana ndi chiyembekezo. Miyala ija sinandiopse ngati funso limeneli. Ndinawayankha kuti sindikudziwa, n'kupita kukatunga madzi.

Tsopano ndikukhulupirira kuti makina sadziwa kuti uku n'kungoyesa, ndipo anthu amantha safunsa kawiri. Anzanga okonda kulumikizira makolo zinthuzi, dzina la munthu musamayesere, kaya wamoyo kaya wakufa, ndipo mukafufuta kuno kaoneni ndi uko komwe.

Mawa sindipita kusukulu. Ndikapempha msungichuma aitanitse gulu lonse, ndikapange oda ina pamaso pawo m'dzina la mbuzi yathu, aone ikulowa yokha. Koma ndisanatuluke ndiyamba ndagwada kwa amayi, ndiwauze kuti bambo sanabwere.