Mfuti Si Khasu, Gezani

Madola awiri. Ndiwo mtengo wa kasikuluwu kamene kamamanga matabwa ogwirira kutsogolo kwa mfuti ya FN, ija imadzilowetsera yokha chipolopolo china ukangowomba. A Hlengani Makondo akhala akuwauza alonda a nyama mtengo umenewu kwa zaka khumi ndi ziwiri, koma wakumva sanapezekebe.

A Makondo amakonza mfuti za alonda a nkhalango ina kufupi ndi Chiredzi. Anayamba ndi kuwotcherera mageti, mabwana ataona luso lawo n'kuwatumiza ku Bulawayo kukaphunzira miyezi isanu ndi umodzi. Pano amasamala mfuti makumi anayi ndi zitatu, zambiri zokalamba kuposa ozinyamula. Dzuwa la Okutobala likaumitsa matabwa aja, amayamba gwedegwede. M'tchire njati imamva phokosolo uli patali, ndipo ukamalozetsa, dzanja limapita kwina mpope wa mfuti kwina. Ntchito yokonza kasikuluwuko ndi ya mphindi khumi ngati munthu wabwera msanga. Koma alonda sabwera msanga. Wina amakulunga mphira ya njinga, wina amakhomera machesi.

Lachiwiri m'mawa kunatulukira Gezani Chauke, mlonda wa zaka makumi atatu, mfuti atakulunga m'thumba la feteleza.

"Madala, mwadzuka bwanji? Kavuto kakang'ono chabe."

A Makondo anatsegula thumba lija n'kununkhiza. "Iwe Gezani, mfutiyi ikununkha chithaphwi. Inakasamba kuti?"

"Imagwedera, madala. Ndiye ndinaiviika kutsogoloku m'chomwera ng'ombe. Masiku awiri okha."

"Okha!"

"Nanga si bambo anga khasu likagwedera amaviika mpini, m'mawa lagwira nganganga?"

"Ndiye bwanji sunapite nayo kumunda ukapalire mapira? Mfuti si khasu, mphwanga! Ng'ombezo zinamwanso madziwo?"

Matabwa anali atatupa ndithu, mpaka limodzi linang'aluka kuchokera kutsogolo kufika pakati. Kasikuluwu kanali kofiira ndi dzimbiri, kosatembenuka. A Makondo anakhala pampando atagwira mutu. Lachisanu la sabata yomweyo kunali mayeso owombera. Wolephera amachotsedwa m'gulu loyenda m'tchire n'kukaikidwa pageti, kumene malipiro amatsika ndi madola makumi asanu ndi anayi pamwezi. Gezani ali ndi ana atatu kusukulu, ndipo lamulo ndi loti aliyense awombe ndi mfuti yolembedwa dzina lake.

"Mundibwereke ya mnzanga Risimati, sadziwa."

"Kuti tichotsedwe tonse awiri? Khala apo, gwira apa, usalankhule."

Anathira mafuta, anadikira, anagogoda, anatukwana pang'ono, anathiranso. Gezani anayesa kunena kuti mwina akaimenya ndi nyundo yaikulu, koma diso limene anamuponyera linamutseka pakamwa. Patatha maola atatu kasikuluwu kanalira kwiii n'kutuluka. A Makondo anasuzumira mumpope wa mfutiyo atauloza kudzuwa. Dzimbiri linali la pamwamba chabe, lochoka ndi nsanza ya mafuta.

"Mulungu amakonda zitsiru," anatero a Makondo. "Mpope wapulumuka. Koma thabwa ili lafa."

"Latsopano ndi zingati?"

"Madola makumi anayi ndi asanu, ndipo lichokere ku Joni, masabata atatu. Iwe uli ndi masiku atatu."

Gezani anayang'ana pansi. A Makondo anatenga thabwa losang'aluka lija, analiyeza ndi chingwe, n'kulijambula papepala la shuga. Anasemapo kale awiri otere m'mbuyomu, ndipo onse akugwirabe ntchito.

"Pita ukadye sadza, nkhope imeneyo ikunditopetsa. Ndipo ukawauze anzako kuti wina akadzaviikanso mfuti, ndidzamuviika iyeyo."

Mawa faifi koloko m'mawa Gezani apalasa njinga kupita kwa kalipentala kukatenga thabwa louma la mlombwa. A Makondo asema tsiku lonse, ndipo Lachinayi masana akaiyesa mfutiyo ndi zipolopolo khumi.