Madzi a m'mphuno mwa ababa si a muubongo

Mwaswera bwanji nonse.

Tangotuluka m'chipatala ku Blantyre ndi ababa. Paja chigwereni pa thirakitala ya ku esiteti sabata yatha, akawerama pothyola tiyi mphuno imodzi imadontha madzi oyera ngati a pampopi. Adokotala anaopa kuti mwina chigaza chinang'aluka ndipo akutulukawo ndi madzi a muubongo.

Anawapatsa kabotolo kuti adonthezeremo, akayeze ku labu. Ababa anawerama pabenchi, kabotolo pamphuno, n'kundinong'oneza kuti, "Esnati, nzeru zanga zikathera umu, usakawauze amayi ako." Ndinaseka misozi ikulengeza.

Zotsatira zatuluka. Si a muubongo ayi, ndi chimfine cha fumbi, ndipo awapatsa mankhwala.

Koma ababa akuti mawa akubwerera kumunda. Achimwene, inu amakumverani, tiwalole?