Kadontho kamene fotokope inadya

Ndinali ndi dzanja lofulumira. Ndayamba ndi zimenezi kuti musandimvere chisoni pa dzino lomwe ndilibe.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa kulemba mapulogalamu a kompyuta m'kachipinda kena pa boma pa Kasungu. Mabuku panalibe, choncho maphunziro ndinkalemba ndekha n'kukachulukitsa pa fotokope ya kumsika. Kompyuta ndi chinthu chouma mutu. Ukangosiya kachizindikiro kamodzi kumapeto kwa mzere, kadontho kaja kokhala ndi kamchira kunsi, pulogalamu yonse imakana kuyenda.

Mwa ophunzira anga munali mtsikana wina, mwana wa tenanti pa esiteti ya fodya cha ku Lisasadzi. Bambo ake anamulola kusiya kusoka fodya masiku awiri pa sabata, koma anamuuza kuti zikapanda kuyenda abwerera ku chigafa. Zala zake zinali zakuda ndi phula la fodya, zong'aluka m'mfundo. Kwawo anakula ndi lamulo limodzi: wamkulu akakupatsa ntchito, chita monga wanenera, osawonjezera, osayankha. Pa esiteti wotsutsa kapitawo amamanga katundu.

Tsiku lina pulogalamu yake inakana katatu. Kunja kunali kutentha, magetsi anali atazima kawiri, ine mtima uli m'mwamba.

"Wakopera bwino?" ndinamufunsa.

"Ee, aphunzitsi."

"Koperanso."

Inakananso. Ndinatola rula yachitsulo n'kumumenya pa zala. Kangati, sindinawerenge. Ming'alu ija inatseguka, magazi anadonthera papepala. Sanalire, sanachotse ndi dzanja lomwe. Kukhala chete kwakeko kunandipsetsa mtima kwambiri, ndinamukoka pampando mpaka anagwa n'kumenyetsa chigongono pa simenti. Anzake sanachotse maso pa makompyuta.

M'mawa mwake kunabwera bambo ake, munthu wamfupi, wowonda. Sanaodire. Anandigwira pakhosi n'kundigunditsa kukhoma, kenako chibakera chimodzi chokha. Ndinamva dzino likugubuduzika palilime. Nditagwa pakati pa mipando anandiponda dzanja lamanja ndi nsapato ya tayala, n'kutsamira pomwepo.

"Aphunzitsi," anatero osakweza mawu, "ine akapitawo amanditukwana, ndimapirira. Mwanayu ndinamubweretsa kuno kuti achoke m'zimenezo. Wakulakwirani chiyani?"

Ndinalavula magazi n'kunena kuti samva, amakopera zolakwika. Iwo anatulutsa pepala lija m'thumba, lopindidwa kanayi, n'kundiponyera kumaso.

"Akuti analemba zonse zili apo."

Anatuluka, ndinamva njinga yawo ikulira tcheni mpaka kumsewu.

Ndinayala pepalalo patebulo, ndikufunabe kupeza pomugwirira. Pa mzere wachisanu ndi chiwiri kadontho kaja panalibe. Papepala langa loyamba kanalipo, koma fotokope inali itachepa inki ndipo inakadya. Ine sindinayang'ane, ndinangogawa. Ana a pa boma, ozolowera kukayikira wamkulu, anangokaika okha osandiuza.

Manyazi amene ndinamva anaposa ululu wa m'kamwa. Sabata yonseyo ndinakhala ndi bolopeni yofiira m'dzanja lotupa, kufananitsa pepala lililonse ndi langa, mzere ndi mzere, kubwezera madontho ndi timichira tomwe makina anameza. Tinali tambiri, ndipo panali tina tomwe ndinasiya ndekha polemba.

Mpando wa mtsikana uja unakhala wopanda munthu sabata imeneyo ndi masabata otsatira. Ndinatumiza uthenga kawiri kudzera mwa woyendetsa kabaza wa njira ya kumeneko. Yankho linabwera lakuti mtsikanayo ali ku chigafa, fodya wachuluka.

Pepala lake ndinalisiya pomalizira chifukwa cha madontho a magazi aja. Nditafika pa mzere wachisanu ndi chiwiri ndinaliyandikiza pawindo kuti ndione pokonza. Pamalo enieniwo pepala linali lokhakhala. Panali chipsera cha pensulo, kadontho ndi kamchira kake. Anali atakalemba, kenako n'kukafufuta.