Dzina Limene Ndinachedwa Nalo

Ndinaganiza zochoka tsiku limene tinamaliza kukumba mtedza m'munda mwa apongozi anga, kufupi ndi Sinda, mu 1956. Palibe anandilakwira. Kungoti ine ndinabadwa wosakhazikika: lole ikadutsa mumsewu waukulu, khasu linkandilemera. Mkazi wanga, a Naphiri, anali woyembekezera.

"Dikirani muone mwana, mumutche dzina," anatero.

"Ndikatumiza m'kalata," ndinayankha ndikupinda bulangeti.

Mkamwini alibe munda, alibe mudzi, koma pamudzi pajapo dzina la mwana woyamba ankasiyira bambo. Ulemu wanga unali womwewo.

Kalata inandipeza ku Lusaka: mwana wamkazi, tumizani dzina. Ndinalira ndi chimwemwe, kenako matama anandilowa. Mayina akumudzi ndinawaona kuchepa. Mwana wa munthu woyenda, ndinatero, afunika dzina lochokera kutali. Ndinatumiza nsalu ndi tindalama, n'kulemba kuti dzina likubwera. Kalata yachiwiri inandipeza ku Livingstone, ndinayankha chimodzimodzi. Ngati inalipo yachitatu sinandipeze, pakuti ndinali nditaoloka Zambezi kupita kudziko la Atswana, kukaphikira mzungu wofufuza malo okumba zitsime.

Kumeneko n'kumchenga kokhakokha. Chaka chinkatha osamva munthu akunditcha Abanda. Ndinkalankhula Chichewa ndi mapoto, ndipo sindichita manyazi kunena kuti masiku ena ndinkalira.

Mzungu wangayo ankakonda malo akale. Mu 1960 anatitenga, ine ndi dalaivala wake Mtswana, kukaona mapiri a Tsodilo. Masiku awiri tinkangotsika kufukula matayala mumchenga. Kenako mapiri aja anangoti tulukiru pakati pa chipululu, ataliatali, opanda phiri lina pafupi. Wotiperekeza anali nkhalamba yakomweko, yaifupi, yoyenda ngati mnyamata. Inatiletsa kupha kanthu kalikonse, ngakhale njoka, chifukwa mapiriwo ndi a mizimu.

Pamiyala tinaona zithunzi zofiira: ntchefu, zipembere, nyama zazitali makosi, ndi zikhatho za anthu amene palibe akuwakumbukira. Tinaonanso kasupe m'mwala, pamene anthu amabwera kudzapemphera. Ine Mkhristu wobatizidwa ndinapezeka ndavula chipewa popanda wondiuza. Koma mtima sunakhale pansi. Ndinkangoganiza za mmene ndikafotokozere kumudzi, anthu atandizungulira kukamwa kuli yasa.

Titatsika ndinatenga mpeni wakukhitchini n'kuyamba kulemba dzina langa pamtengo wamlambe. Nkhalamba ija inaima n'kundiyang'ana, kenako inalankhula ndi dalaivala.

"Akufunsa ngati mtengowu wakupempha dzina," anamasulira dalaivala, akuseka.

Ndinaseka nawo. Ndinati pansi pake ndilembenso la mwana wanga, ndipo apo mpeni unaima. Wondipempha dzina analipo, anali ndi zaka zinayi, ine ndikupatsa mtengo. Ndinachita manyazi.

Tisanachoke pamalopo dzina ndinalipeza: Miriyamu, mkazi wa m'Baibulo amene anayenda m'chipululu. Ntchito ndinasiya mwezi womwewo. Koma ndinene zoona, pa Livingstone ndinatayapo chaka china, ati ndigule kaye jekete. Mpaka lero sindimvetsa chimene ndinkathawa.

Ndinatsika basi pa Sinda mu 1961, chimanga chitauma. A Naphiri sanakwatiwenso. Anandilandira katundu, anagwada, anandipatsa moni ngati mmene amachitira ndi mlendo aliyense. Kamtsikana kanaima pafupi ndi nkhokwe, mphumi yake yangayanga.

"Miriyamu!" ndinaitana, manja nditatambasula. "Miriyamu, bwera!"

Mwanayo anacheuka kumbuyo kuti aone amene ndikumuitana.

"Abanda," anatero a Naphiri osakweza mawu, "tinadikira. Miyezi isanu ndi itatu ankangotchedwa Mwana. Azimayi kuchitsime ankandifunsa ngati bambo wake akumukana. Atayamba kukwawa, amalume anga anati munthu sangayende wopanda dzina."

"Ndiye anamutcha ndani?"

A Naphiri anangotembenukira kwa mwanayo.

"Tatopa! Bwera upereke moni kwa atate ako."

Mwana anathamanga n'kudzagwada. Dzinalo silinali lake lokha, linali kalata yanga yachitatu, ndipo mudzi wonse unali utaiwerenga kwa zaka zinayi.

Za mapiri aja ndinafotokoza kamodzi kokha. Anthu anamvetsera mwaulemu, kenako apongozi anga anafunsa ngati ndikhalapo mpaka nthawi yososa munda. Ndinakhalapo, ngakhale malole akadutsa khutu limaimabe. Ndinayesa Miriyamu mlungu wathunthu, osatheka. Tsiku lina mbuzi zinalowa m'dimba, ndinafuna wondithandiza msanga, ndipo ndinadzimva ndikufuula ndi pakamwa panga pomwe kuti, "Tatopa!"

"Wawa, atate," anayankha, akubwera.