Kutsitsa Nyali za Galimoto

Galimotoyo amuna anga oyamba anabwera nayo kuchokera ku Joni. Inali yakuda, yamsinkhu, yokoka ndi matayala onse anayi. Tinkakhala kwa Kaphuka, pamudzi pa makolo awo, ndipo chinali chaka changa chachisanu pabanja ndilibe mwana.

Akapakira matumba a mbatatesi kumbuyo, galimotoyo inkadzutsa mutu, nyali n'kumaunika m'mitengo ndi m'maso mwa anthu. Tsiku lina dalaivala wa lole anawatukwana pamsika pa Mayani, anthu akumva, kuti anatsala pang'ono kugwera m'ngalande chifukwa cha nyalizo. Anafika kunyumba atatupa ndi ukali, ali ndi anzawo awiri omwa nawo mowa.

Unali mwezi wa Juni, dzuwa litangolowa, mphepo ikuluma. Ine ndinali kutsuka mbale. Mnzawo wina anati alozetse galimoto kukhoma la nyumba, alembepo mzere ndi khala, kenako apotokole kabawuti kakuseri kwa nyali mpaka kuwala kutsikire pamzerepo.

"Khoma la chiyani?" anatero amuna anga. "Alipo uyu, alibe ntchito. Iwe, kaime apo."

Ndinakaima pabwalo, manja ali chinyowere. Anandibweza m'mbuyo mpaka pafupi ndi khola la nkhumba. Anatsegula boneti, n'kuyatsa nyali. Kuwala kunandimenya kumaso, ndinaphimba ndi chitenje.

"Chotsa! Ndidziwa bwanji pamene pafika?"

Ndinachotsa. Sindinkaona munthu, ndinkangomva sipanala ikugunda chitsulo. Kuwala kunatsika pang'onopang'ono, pakhosi, pachifuwa.

"Pakwana, achimwene," anatero mnzawo uja. "Alamu azizidwa."

"Ayi, kufike pamimba. Pamenepo ndiye posalala bwino, sipasintha chaka ndi chaka. Ndi muyezo wokhulupirika."

Anaseka onse atatu. Wachinayi amene anaseka anali apongozi anga aakazi, pakhonde pawo. Kuseka kwawo ndinkakudziwa, kunkathera m'chifuwa.

Nyali yakumanzere inavuta chifukwa kabawuti kake kanachita dzimbiri. Anatumiza mafuta ophikira, anadontheza, anadikira, anasuta fodya. Ine ndili chiimire. Nditayesa kusuntha mwendo umene unachita dzanzi, anakuwa kuti ndawasokonezera, ayambirenso. Ndinalira, koma mwakachetechete, poopa kuti mapewa akagwedezeka ayambiranso kachitatu.

Atamaliza anatseka boneti, onse n'kukwera. Galimoto inabwera molunjika kwa ine, n'kukhota itatsala pang'ono kundigunda. Anapita kukaiyesa kumsewu. Palibe anandiuza kuti ndichoke. Ndinaimabe kanthawi, m'maso muli madontho obiriwira okhaokha, mpaka apongozi anafunsa ngati madzi awo osamba aziphitsa okha.

Mvula isanayambe chaka chomwecho, amuna anga anandiuza kuti ndilongedze. Ananditula ndi galimoto yomweyo pamphambano ya kwathu, osafika nane pakhomo, kuti asaonane ndi amalume anga. Chikwama ndinasenza ndekha mtunda wonse.

Mkazi amene anamutenga pambuyo panga anabereka mapasa. Uthengawo amuna angawo anautumiza kwa ine kudzera mwa mnzawo uja amene anati ndazizidwa, yemwe anandipeza ndikugulitsa kabichi pamsika. Anaunena akuyang'ana pansi, kenako anagula mitu iwiri osanenerera.