Pilato ndi mtengo wa pa Lichenya

Pilato anabwera ku Mulanje m'chaka cha 1897 ali mnyamata, pamodzi ndi mlongo wake Enifa, kuchokera kutsidya kwa Apwitikizi. Anali wamtali ngati mlongoti, ndipo utaliwo ndiwo unamupatsa ntchito. Dzinja likafika, Lichenya atadzaza, iye ankaolotsa anthu pamapewa. Odwala opita ku Mishoni, othyola tiyi, amalonda a ku Milonde, onse ankamugwira mutu. Ndipo ankanyada nazo.

Pa 14 Febuluwale 1909, kumowa, kunafika Jailos, woimba kaligo. Anaimba za mitsinje yotsika m'nkhalango za m'phiri, kuti iye amaoloka Lichenya mvula ili pakati, mapazi osanyowa, popita kwa wokondedwa wake. Anthu anavina. Pilato sanavine. Anaimitsa nyimbo n'kufunsa kuti malowo ali pati, poti iye mtsinjewo amaudziwa mwala ndi mwala.

"Achimwene, nyimbo sayifunsa njira," anatero Jailos.

"Ikamandilanda ntchito ndiifunsa," anayankha Pilato.

Sanali kunama. Sabata isanathe, amayi ena anayamba kumuuza kuti akafuna kaye njira ya Jailos, mapewa akewo ayambe apumula. Ena ankangomuimbira nyimboyo akamudutsa.

Tsono anatenga nkhwangwa, naolokera tsidya la kwawo kwa Jailos, n'kukwera ndi mtsinje kuti akaone yekha bodzalo. Anapyola minda, nalowa m'nkhalango yamdima, momwe mitengo imadontha madzi ngakhale kuli dzuwa. Pamene mtsinje umapanikizika pakati pa matanthwe awiri anapeza mbawa yaikulu itagwa, mizu tsidya lino, nthambi tsidya linalo. Pamsana pake panali posalala ndi mapazi. Anaoloka, natsata kanjira kotsika. Kanjirako kanakathera kuseri kwa nkhokwe ya Enifa, amene anali mkazi wamasiye chaka chachiwiri.

Pilato sanagogode. Anabwerera, nadula mtengowo mpaka unagwera m'madzi, poganiza kuti wamutsekera woimbayo kunja. Pofika kumudzi anamva kaligo akulira m'nyumba ya mlongo wake. Anali atamutsekera mkati.

M'mawa mwake Jailos anatsikira padoko mwaulemu wonse, n'kupempha kuti amuolotse, kwawo angade nkhawa. Pilato anati mapewa ake sanyamula munthu amene sadziwika pamudzi. Jailos akafuna, iye Pilato akawatenga ankhoswe ake a Jailosyo, nkhani ikambidwe masana.

"Alamu, nanga mtsinje ukaphwa?" anafunsa Jailos.

"Uphwa mu Meyi. Khasu lili apo."

Ankhoswe anabwera pa 6 Malichi, ndipo Pilato anawaolotsa mmodzimmodzi, akuwamiza mapazi dala. Jailos analowa chikamwini, nalima munda wa Enifa, ngakhale mizere yake inali yokhotakhota. Pilato anapitiriza kuolotsa anthu mpaka 1918, pamene bondo linamukana. Aliyense wofunsa za njira ya m'nyimbo ija ankamuuza, nkhope ili gwa, kuti iye anakayendera yekha mtsinje wonse, ndipo mtengo wotero palibe.