Chikwama chimene ndinawagulira amayi

Chikwamacho ndinagula ndine, pa sitolo ina ku Etobicoke, kuno ku Canada. Izi ndimazinena poyamba chifukwa abale anga amakonda kunena kuti amayi anapusa. Sanapuse ayi. Wopusa ndinali ine.

Amayi anabwera kuchokera ku Dedza kudzadikirira mwana wanga woyamba, ndili ndi pakati pa miyezi isanu. Ine ndimasamalira okalamba ku Oakville, ndipo ndinatopa nazo nkhani zawo za sitima zikuluzikulu zoyendera zilumba. Ndinati nawonso mayi anga akalawe, asamangowerenga ndege pawindo. Ndinagula matikiti awiri a ulendo wa pa sitima.

Chibadwire amayi amasunga zofunika m'kathumba ka m'chiuno, mkati mwa chitenje. Ine manyazi! Ndinati, "Amayi, kuno sitipisa m'chiuno pagulu." Anandiyang'ana. Anachotsa pasipoti, momwe munali viza ya Canada, n'kuiika m'chikwama chonyezimira chimene ndinawaguliracho.

M'mawa tisanatsike pa doko lachiwiri, a m'sitima anatichenjeza pa chimkuzamawu: yendani awiriawiri, musaonetse ndalama, katundu wanu musapatse munthu aliyense. Zonsezo m'Chingelezi. Amayi anafunsa kuti akuti chiyani. Ine, maso ali pa foni, ndinati, "Palibe, akungotilandira."

Titatuluka pa geti ya doko, ndinatsalira pang'ono kujambula sitimayo. Bambo wina wovala bwino, wa msinkhu wa achimwene anga, anawayandikira amayi. Anawerama, natambasula manja onse awiri. Kwathu munthu wamkulu sayenda ndi katundu pamene wamng'ono alipo, amalandiridwa. Amayi anamupatsa chikwama, mpaka kumuthokoza. Pamene ndimatembenuka n'kuti amayi akumwetulira.

"Kunonso kuli ana aulemu," anatero.

Bamboyo anali atalowa kale pakati pa anthu a mumsika.

Ndinakalipa, Mulungu andikhululukire. Pamsewu, azungu akuonerera, ndinawafunsa mayi anga ngati mutu wawo ukugwira. Iwo anangoti, "Nanga ndikanamukaniza bwanji, mwanawe, atatambasula manja?"

Musitima anatilola kukweranso chifukwa makadi athu olowera m'sitimamo anali m'khosi. Koma ulendo utatha panalibe zoti amayi n'kubwerera ku Toronto opanda pasipoti. Tinazunzika masiku angapo mu hotela, ine ndikuimba mafoni, mpaka tinawapezera amayi chikalata chongoyendera kamodzi. Chinali chopita ku Malawi basi. Ndinawaperekeza pa bwalo la ndege la dziko la eni, ine n'kukwera ina. Majuzi awo ndi nsapato za m'chipale zili m'kabati mwanga mpaka lero.

Mwana anabadwa iwo kulibe. Amene anandisambitsira mwanayo ndi mzimayi wa ku Zambia wa kutchalitchi kwathu, munthu wabwino, koma si mayi anga. Amayi pasipoti ina anaipeza, koma ndikati tifunsirenso viza amati miyendo ikuwawa. Zimandipweteka, ndipo ndilibe womukwiyira. Wakubayo sindikumbuka ngakhale nkhope yake.

Chaka chatha ndinapita kumudzi ndi mwanayo. Amayi anali ku chigayo, ndiye ndinakawachingamira pamsewu. Ndinawaona atatsika minibasi, kathumba ka ufa pamutu, jumbo m'manja. Ndinathamanga, ndinawerama, n'kutambasula manja onse awiri monga anandiphunzitsira okha.

Anaikumbatira jumboyo pachifuwa.

"Iyayi," anatero, "ndinyamula ndekha. Paja munandikalipira."